Mzere Wofiira wa pa Kamzindo

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, alangizi a maphunziro ankamata pepala pachitseko cha ofesi ya zoni. Sukulu zonse khumi ndi zinayi zinkakhala pamenepo, yokhoza bwino pamwamba, zinazo n'kumatsika. A Pius Tembo, mphunzitsi wamkulu wa pa Kamzindo, anali atasiya kalekale kuliwerenga kuyambira pamwamba. Ankangotsika panjinga n'kuwerama. Zaka zitatu zotsatizana dzina la sukulu yawo linali pansi penipeni, pomwe pepala limathera.

"A Tembo, msana ulipo koma?" ankawafunsa motero mahedi anzawo, uku akuseka. A Tembo ankaseka nawo, nanga akanatani. Koma pobwerera ankapalasa njinga osapatsa munthu moni.

Makolo a ku Kamzindo sankapita kukawerenga pepala lija, koma nkhani yake inkawapeza kumunda komweko. Mmodzimmodzi anayamba kuchotsa ana awo. Amene anali ndi ana a miyendo yolimba anawatumiza kusukulu ya tsidya la dambo, ulendo wa maola awiri. Ena anati ngati kulephera n'komweko, bola mwana alepherere pakhomo akusoka fodya. Enanso anakwera nawo malole opita kumafamu a ku Zambia, poti malire ali pafupi kuposa kuboma. Kaundula amene kale anali ndi mayina oposa 600 anatsala ndi 340. Phala la m'mawa linayamba kutsala mumgolo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Chaka chachinayi alangizi anabwera okha. Anali mayi ofatsa, osakweza mawu, ndipo n'chifukwa chake mawu awo ankapweteka. Anati ngati zotsatira sizisintha ndipo ana apitiriza kuchepa, Sitandade 7 ndi 8 zichotsedwa pa Kamzindo n'kukaphatikizidwa kutsidya, aphunzitsi atatu asamutsidwa.

A Tembo sanali munthu woipa, ndipo izi zinenedweretu. Buloko ya Sitandade 8 anaumba nawo njerwa zake ndi manja awo, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Ankadziwa kuti makalasi awiriwo akachoka, atsikana a m'midzi imeneyo sadzawolokanso dambo nthawi ya mvula, sukulu yawo idzathera Sitandade Sikisi. Ankafunadi kupulumutsa sukulu. Komanso, tisabise, anali atatopa nako kuwerama pachitseko chija.

Nzeru inachokera kwa wachiwiri wawo, a Lovemore Daka, amene anali atangosamukira kumene kuchokera kusukulu ina yotchuka.

"Ahedi, inu mukuganiza kuti anzathu apamwamba aja amaphunzitsa kuposa ife? Amapeta."

"Kupeta kwake kotani?"

"Amalembetsa mayeso ana okhawo oti akhoza. Enawo amawabweza Seveni, akakhwime. Boma limawerenga amene alemba, siliwerenga amene atsala panja."

A Tembo anakana sabata yathunthu. Sabata yachiwiri anaitanitsa malikisi.

M'kalasimo munali ana 31. Anawalemba m'ndandanda monga mwa malikisi awo, n'kutenga rula ndi cholembera chofiira. A Daka anati mzere udutse pansi pa nambala 19, chifukwa kuyambira pamenepo kutsika ndi ana ongodalira mwayi. A Tembo anaika rula pomwepo, koma diso lawo linagwera dzina lotsatira. Nambala 20 anali Tamara Sakala, wotsalira ndi malikisi anayi okha.

Ankamudziwa Tamara. Anali wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali, wokhala kumbuyo kuti asatchinge anzake. Teremu yathayo anajomba milungu isanu, mayi ake atagonekedwa kuchipatala, iye ndiye akuphikira azing'ono ake ndi kusoka fodya m'chigafa. Masamu ankamuvuta, koma akalemba chimangirizo aphunzitsi ankawerengerana mu ofesi. A Tembo anatsitsa rula pang'ono, n'kuikwezanso, n'kuitsitsanso.

"Ahedi, mukatsitsa kamodzi mutsitsa mpaka pansi," anatero a Daka. "Aliyense pamenepa ali ndi nkhani yake. Nayintini atikwanira. Mmodzi akagwa, handiredi pelesenti yapita."

Mzere unadutsa pansi pa 19.

Choyenera chinali kuwauza anawo tsiku lomwelo, kapena kuitana makolo. A Tembo analibe mtima umenewo. Anazengereza mpaka tsiku lojambula zithunzi za ziphaso za mayeso linakwana, ana onse 31 akudziwa kuti ajambulidwa.

Tsiku lojambula linali lalikulu pa Kamzindo. Wojambula ankabwera panjinga yamoto n'kupachika nsalu yabuluu pakhoma la kalasi. Ana ankafika atameta, atadzola mpaka nkhope waliwali. Vuto linali yunifolomu. Yabwino, yosang'ambika pakolala, inali ndi ochepa, choncho inkayenda: uyu akajambulidwa ankathamangira kuseri kwa kalasi, kuvula, kupatsa mnzake. Tamara anali atayenda wapansi mpaka kufupi ndi Mkanda kukabwereka diresi kwa msuweni wake. Analichapa, analisita ndi ayironi yamakala, ndipo atsikana atatu anali atamupempha kale kuti akatha iye avaleko.

A Daka ankaitana mayina, ana n'kumakaima kutsogolo kwa nsalu, maso tong'o osaphethira. Atafika pa dzina lakhumi ndi chisanu ndi chinayi anapinda pepala.

"Amene simunamve mayina anu, kuyambira mawa mukalowe Sitandade 7. Mukonzekere bwino, mudzalemba chaka chamawa."

Anyamata awiri anatola mabuku awo n'kuyamba ulendo, osatsanzika. Mtsikana wina analira. Tamara sanasunthe pamzere. Anadikira mpaka a Tembo atayandikira, n'kugwada pafumbi ndi diresi lake lositalo.

"Sala, mwina dzina langa alilumpha."

"Sanalilumphe, Tamara. Dzuka. Wangotsala pang'ono kwambiri. Chaka chamawa udzakhala woyamba kujambulidwa."

"Sala, atate ananena kuti chaka chino chokha."

"Atate ako ndikaonana nawo ndekha."

"Ndilimbikira, Sala. Amayi anachira. Sindijombanso."

"Ndanena kuti chaka chamawa. Dzuka, udetsa diresi la eni ake."

Anadzuka. Anapita kuseri kwa kalasi, anavula, n'kutuluka atavala kadiresi kake kakale kosuluka. Lobwereka lija analisasa fumbi la m'mawondo n'kupatsa Princess, amene dzina lake linali pamwamba pa mzere koma ankadikira chovala. Diresi limenelo linajambulidwa katatu tsiku limenelo. A Tembo anaona zonsezi ali pakhonde, mtima unawawawa, koma analowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Kwa bambo a Tamara anafunadi kupita. Koma sabata imeneyo kunali msonkhano kuzoni, sabata inayo njinga inaphulika tayala, kenaka kunagwa maliro kwa wapampando wa komiti ya sukulu. Zifukwa sizisowa kwa munthu amene akuopa kukayang'anizana ndi mnzake. Tamara analowa Seveni masiku anayi, lachisanu sanaonekenso.

Pamene a Tembo ankafika kumudziko, patatha milungu itatu, anapeza chitseko chomanga ndi waya, nthambi yaminga ili pakhomo. Mayi wina woyandikana nawo, amene ankatongola chimanga pamkeka, anawalonjera mwaulemu ndithu, n'kuwapatsa mpando.

"A Sakala anapita kutenanti, aphunzitsi. Lole inabwera Lachiwiri, awoloka malire banja lonse."

"Ndi Tamara yemwe?"

"Nanga akanatsala chifukwa chiyani? Bambo ake anagwirizana ndi mayi aang'ono a mwanayo kuti atsale kuno mpaka alembe mayeso. Koma atamva kuti wabwerera Seveni anati msinkhu umene uja sangamakhale ndi tiana, kuli bwino akathandize kufamu. Analira mwana uja, aphunzitsi. Ine sindinadye tsiku limenelo."

A Tembo anafunsa dzina la famuyo. Mayiyo sankalidziwa, anangoloza kumadzulo ndi chitsononkho. Mawa lake m'kaundula, pambali pa dzina la Tamara, a Daka analembapo kuti anasamuka. Mwa ana khumi ndi awiri otsala pansi pa mzere, asanu ndi awiri analembedwa mawu omwewo chaka chisanathe.

Zotsatira zitatuluka, ana onse 19 anakhoza, anayi anasankhidwa kupita kusekondale. A Tembo anafika pachitseko chija n'kuwerama mwachizolowezi, osapeza dzina. Anakwera nalo diso mpaka nambala 2. Chimwemwe chawo chinali chenicheni, anapalasa njinga akuimba nyimbo za kutchalitchi njira yonse. Komiti inapha mbuzi. Alangizi anatchula Kamzindo pamsonkhano kuti ena atengerepo chitsanzo. Mahedi aja anasiya kufunsa za msana.

Ana anayamba kubwerera. A tsidya la dambo anabwerera, ndipo ena ochokera kutsidyako anayamba kuwolokera kuno. Makalasi awiri aja sanachotsedwe, m'malo mwake kunabwera aphunzitsi ena anayi ndi buloko yatsopano. Sukulu inapulumuka, ichi palibe angatsutse. Koma chaka chilichonse rula ndi cholembera chofiira zinkatuluka m'dirowa, ndipo dzanja la a Tembo linazolowera. Makolo ankadziwa za kupetako. Amene ana awo anali pamwamba ankati ahedi amadziwa ntchito. Amene ana awo anali pansi ankadandaulira kumunda, poti munthu ungakatsutse bwanji sukulu imene aliyense akuitama?

Panapita zaka zisanu ndi zitatu. Kaundula anali atadutsa 900.

Tsiku lolembetsa ana a Sitandade 1 linafika, mwezi wa Seputembala, fumbi lili koboo. Mzere wa amayi unayambira pakhonde la ofesi mpaka pamjigo. Ana ambiri a kumeneko alibe pepala losonyeza tsiku lobadwa, ndiye pa Kamzindo ankayesa msinkhu monga ankachitira makolo: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira wakula, alembedwe. Akalephera adikire. A Daka ndiwo anali patebulo. A Tembo, imvi zili mbuu tsopano, anali chapambali ndi ndandanda wa Sitandade 8 wa chaka chimenecho, mayina 58, mzere wofiira utadutsa kale pansi pa 40.

Chakumasana panafika mayi wowonda, chitenje chofwifwa, khanda kumsana, akukoka kamtsikana ka tsitsi lofiirira. Zala za mayiyo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, wa mtundu uja sutha ndi sopo.

"Dzina?" anafunsa a Daka osadzutsa mutu.

"Shalom Mwale."

"Zaka?"

"Sikisi. Wakwanitsa mu Juni."

"Gwira khutu, iwe."

Kamwanako kanakweza dzanja, kanapendeketsa mutu, kanaluma mlomo. Zala zinathera pamwamba pa khutu, kutsala pang'ono kwambiri. Kanayesanso kakuimira zala za kumapazi, ngati kuti zimenezo zingathandize. Amayi a pamzere anaseka.

"Sanakhwime uyu. Chaka chamawa, mayi. Wina!"

Mayiyo sanasunthe. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kutembenukira kwa a Tembo.

"Mawu ake akadali omwe aja, Sala?"

Palibe mayi wa mwana amene amaitana mphunzitsi wamkulu kuti Sala. A Tembo anadzutsa mutu. Anayamba kuzindikira msinkhu, kenaka maso.

"Tamara? Tamara Sakala?"

"Ndine ndemwe."

Anadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa. Anamuitanira pambali, pamthunzi wa khonde, n'kumupatsa moni wa munthu wamkulu, wa inu, ngakhale lilime linkafuna kunena iwe. Tamara anafotokoza mwachidule, ngati akunena za munthu wina. Kufamu anakwatiwa chaka chotsatira. Ana anabadwa atatu, wapakati anamwalira. Bambo wa anawo anapita ku Chipata kukafuna ganyu, chaka chino n'chachiwiri. Iye anabwera kudzaona mayi ake aang'ono, ndipo lole yobwerera kufamu inyamuka mwezi wamawa.

"Amayi aang'ono anena kuti Shalom akalembedwa sukulu amusunga. Akapanda kulembedwa ndipita naye. Zaka zake n'zoona, Sala. Kungoti kufamu ana sakula."

"Alembedwa. Zakhutuzo zisiyeni. Ndimulemba ndekha, pompano."

Anatambasula dzanja kuti atenge kaundula patebulo, ndipo pepala la Sitandade 8 limene anali atapanira m'khwapa linagwa pansi. Tamara anawerama n'kulitola, monga amachitira mwana wasukulu aliyense mphunzitsi akagwetsa chinthu. Sanalibweze msanga. Kuwerenga anali asanaiwale. Anatsika ndi chala chakudacho mpaka pamzere wofiira, n'kuwerenga mayina a pansi pake, milomo ikugwedera.

"Eyitini," anatero. "Ife tinali thwelofu."

Kenaka anapitiriza.

"Kufamu nkhani ya sukulu ino imamveka. Amati pa Kamzindo mwana salephera. Ine ndimangokhala chete. Ndimati mwina zinali za chaka chathu chokha, poti sukulu inali pamavuto." Anapereka pepalalo ndi manja awiri. "Ndinali nambala chani, Sala? Sindinauzidwe."

Akanatha kunena kuti anaiwala. Koma dzina limenelo silinawachoke zaka zonsezi.

"Twente."

"Munatenga angati?"

"Nayintini."

Tamara anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Khanda linalira kumsana, iye n'kuligwedeza osaliyang'ana. Misozi sinatuluke, ndipo a Tembo analakalaka ikanatuluka, kapena akanawatukwana pamaso pa anthu onsewo.

"Sala, ndifunse chimodzi. Mwana uyu mutu wake ndi wanga, masamu adzamuvuta. Pakhomo pa amayi aang'ono adzajomba, chifukwa mwana wosungidwa ndiye amatumidwa. Ndimusiye kuno zaka eyiti, ine ndili kutali, akudya za eni ake. Ndiye ndiuzeni lero, ndisavutike. Tsiku lojambula likadzafika, adzajambulidwa?"

A Tembo anatsegula pakamwa. Mawu oti inde anali pafupi, ndipo sakanawalipira kanthu. Koma anali atamulonjezapo kale mtsikana ameneyu, atagwada pafumbi pompano. Anayang'ana mzere wa amayi wofika pamjigo, onsewo atabwera chifukwa cha dzina la sukulu. Anayang'ana buloko yatsopano, ndi a Daka amene ankayesa khutu la mwana wina. Anadziwa kuti akafufuta mzere uja chaka chino, chaka chamawa adzaweramanso pachitseko, ndipo theka la amayi awa lidzawoloka dambo. Anadziwanso kuti sadzaufufuta.

"Zaka eyiti n'zambiri, mayi," anatero potsiriza. "Zinthu zikhoza kudzasintha."



"Zikomo, Sala. Mwandiyankha."

Anapinda mawondo mwaulemu, anagwira mkono wa mwana wake, n'kudutsa m'mbali mwa mzere wa amayi. Kamtsikanako kankayenda kakuyesabe kugwira khutu ndi dzanja linalo. A Tembo anaitana kawiri. Tamara sanacheuke.

Madzulo a tsiku limenelo, anthu atabalalika, a Tembo anatsegula kaundula wa Sitandade 1 n'kulemba okha pansi pa dzina lomaliza: Shalom Mwale, wamkazi, zaka zisanu ndi chimodzi. Anadziuza kuti mayi akapsa mtima amabweza maganizo, Lolemba amubweretsa. Anadziuzanso kuti Loweruka apita kwa mayi ake aang'ono aja kukakambirana. Loweruka limenelo kunali msonkhano wa mahedi, ndipo iwo ndiwo ankayankhula za mmene sukulu yakumudzi ingakwezere zotsatira.

Lolemba m'mawa anaima pawindo la Sitandade 1 mphunzitsi akuitana mayina. Ana ankayankha mokuwa, ena kawiri. Pa dzina lomaliza kalasi inangoti chete. Mphunzitsi anabwereza, n'kuika kadontho. Zinatero Lachiwiri, zinatero sabata yonse, zinatero mpaka lole za kumafamu zitadutsa pamsewu wa kumalire ndi mitolo ndi ana pamwamba.

Kumapeto kwa mwezi wotsatirawo a Daka anabweretsa fomu ya chiwerengero cha ana yopita kuboma kuti ahedi asayine.

"Sitandade Wani yafika 141, Ahedi, sizinachitikepo. Koma pali kamwana aka, Shalom Mwale, sikanaonekepo n'kamodzi komwe. Ndilembe kuti anasamuka?"

A Tembo anayang'ana dzinalo, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe, timadontho titandandalika kutsogolo kwake mpaka kumapeto kwa tsamba.

"Musiyeni. Azimuitanabe."

Anasayina fomuyo. Panja panamveka njinga yamoto, wojambula atafika ndi nsalu yake yabuluu, ndipo ana 58 a Sitandade 8 anathamangira kukaima pamzere, onse atameta.